Waya wa mpanda safuna mphamvu zokha

Mukamadutsa m'minda ya kunja kwa tauni ya Mzuzu, kaya ndi cha ku Lusangazi, ku Choma kapena njira ya ku Ekwendeni, tayang'anani mipanda ya waya imene alimi atchingira msipu ndi makola awo. Ina ndi ya chaka chatha chomwechi, koma waya ali kale lendelende, mzati wa pakona waweramira m'kati, mbuzi nazo zatsegula njira yawoyawo kunsi. Mwini mpanda mukamufunsa amadandaula waya, ati wa masiku ano ndi wosalimba. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma pa ntchito yanga yomanga ndi kukonza mipanda ya m'mafamu, chimene ndimakumana nacho kawirikawiri n'chakuti wayayo anavulazidwa tsiku lomumasula pampukutu, n'kudzamalizidwa tsiku lomukunga. Zimandipweteka, chifukwa waya ndi wodula, ndipo alimi ambiri amamugula ndi ndalama za mkaka zochita kusunga pang'onopang'ono.

Kumasula ndi kumene anthu sakuganizira n'komwe. Waya wosalala amabwera ali mpukutu. Ambiri amaugoneka pansi, kudula timawaya tomangira tija, kugwira nsonga, ulendo. Mpukutu ukakhala phee osazungulira, mkombero uliwonse umene ukuchokapo umapota wayayo kamodzi. Ngati mpukutuwo ndi wa masentimita 60 m'mimba mwake, pofika mamita 100 ndiye kuti mwamupota kopitirira ka 50. Waya wopotedwa chonchi sagona mowongoka, amadzipinda timikombero ting'onoting'ono m'udzu. Mukamakoka, kamkombero kaja kamafinyika mpaka kukhala kampindo kakuthwa, ndipo pamenepo chitsulo chafooka basi. Mungawongole ndi hamala pamwala, maso n'kukhutira, koma mphamvu yake sibwereranso. Ndi pomwepo pamene adzadukire tsiku limene ng'ombe idzatsamire mpandawo. Mukapeza kampindo kotere musachite kukanyengerera. Dulani, ponyani kachidutswako m'chitini, mulumikize bwinobwino.

Chipangizo chothetsa vutoli ogulitsa zipangizo zaulimi amachitcha spinning jenny. Ndi mtanda wachitsulo wa mikono itatu kapena inayi umene umazungulira pachitsulo chozika pansi. Mpukutu umagona pamtandapo, timikono toimirira timaugwira m'kati kuti usasunthe, ndipo inu mukamayenda ndi nsonga, mpukutu wonse umazungulira n'kumapereka waya wosapotoka. Sichilira kuitanitsa kunja. Mmisiri wowotcherera zitsulo wa ku Luwinga kapena ku Chibavi atha kukupangirani ndi habu ya galimoto yakutha imene beringi yake ikadazungulira, kuphatikizapo zidutswa za paipi. Chimene muyenera kumukumbutsa ndi buleki. Mpukutu wa makilogalamu 25 ukayamba kuzungulira suima inu mukaima. Umapitiriza, mikombero n'kugwera pansi, n'kupiringizana. Kachidutswa ka tayala kofinyidwa ndi nati pansi pa mtandawo n'kokwanira kuugwira pang'ono. Timawaya tomangira mpukutu muzidula mutauika kale pamtanda ndi kuugwiritsa, osati usanakwere, chifukwa waya wolimba akamasuka yekha amafwamphuka ndipo atha kukumenyani kumaso.

Waya wamingaminga, amene Joseph Glidden wa ku Illinois ku America analembetsa ngati luso lake mu 1874, amamasulidwa mwa njira ina. Mangani nsonga pamzati wa pakona, pisani chitsulo kapena paipi pakati pa mpukutu, anthu awiri ovala magolovesi achikopa agwire uku ndi uku n'kumayenda nawo motsata mzere wa mpanda. Uziyenda ndi mpukutu, waya azitsala pamene wagwera. Kumukhwekhwereza pamiyala kumapala zinki amene anamukutira kuti asachite dzimbiri, ndipo kuno kumene mvula imafika mpaka mu Epulo ndi Meyi, nkhungu n'kumanyowetsa udzu m'mawa nthawi yachisanu, pamene zinki wachoka dzimbiri silichedwa. Mzere umodzi umasulidwe, ukungidwe, ukhomedwe, kenaka wina. Mizere iwiri ya minga ikagonerana pansi, tsiku lonse lithera kulekanitsa.

Musanayambe kukunga, dziwani waya amene muli naye. Pali wofewa, wonenepa, kawirikawiri wa mamilimita 4, amene amapindika ndi manja. Palinso wa high tensile, wa mamilimita 2.5, wowonda koma wouma gwa. Anthu amathamangira wonenepayo poganiza kuti ndiye wamphamvu. Koma pa makilogalamu 25 omwewo, wofewa amatalika mamita pafupifupi 250 pamene wowondayo amafika pafupifupi 650, ndipo mphamvu yoti aduke nayo sasiyana kwenikweni, onse ndi cha m'ma makilogalamu 500 mpaka 600. Amasiyana khalidwe. Wofewa mukamukoka mopitirira muyeso amatanuka osabwerera, moti ng'ombe ikamutsamira kamodzi mwamphamvu amatsala wokhwefuka mpaka kalekale. Wa high tensile amatanuka n'kubwerera. Waya wa 2.5 wotalika mamita 100 akakungidwa ndi mphamvu ya makilogalamu 150, imene ili yoyenera kwa iye, amakhala atatanuka masentimita pafupifupi 15. Kutanuka kosungika kumeneku ndi kumene kumagwira mpanda kuti ukhale nji kwa zaka zambiri.

Tsono werengani nokha. Mizere isanu ya makilogalamu 150 uliwonse ndi makilogalamu 750, kulemera kwa matumba 15 a feteleza, kukoka mzati umodzi usana ndi usiku. N'chifukwa chake ndimati chipangizo choyamba chokungira waya ndi mzati wa pakona, ndipo ukakhala wofooka zina zonsezi n'kutaya nthawi. Ukhale wonenepa, wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuola, ulowe pansi pafupifupi mita imodzi. Dothi libwezeredwe pang'onopang'ono, mukulitsendera ndi chitsulo, makamaka pansi penipeni pa dzenje. Mtengo wochirikiza ukhale wautali, uyambire cha pakati pa mzati, ukatsamire pamwala waukulu kapena chipika chokwiriridwa. Wochirikiza wamfupi, woimirira kwambiri, m'malo mogwira mzati amachita kuuzula waya akamakoka. Dothi lofiira la kuno limanamiza: mu Okutobala limauma ngati silidzasunthanso, koma pofika Malichi lamwa madzi, mzati wosazika bwino umangoyenda. Malo athunso ndi a zitunda ndi zigwa. Pachitunda waya amakanikiza mzati pansi, koma m'chigwa amaunyamula, choncho mzati wa m'chigwa ukhomeredwe kathabwa kopingasa kunsi musanaukwirire.

Kukunga kwenikweniko kumafuna chain strainer. Ili ndi zibwano ziwiri zogwira waya, tcheni, ndi chogwirira chokhala ndi mbedza ziwiri zimene zimayenda patchenipo mfundo imodziimodzi mukamapukusa dzanja uku ndi uku. Mtundu wake wodziwika kwambiri unachokera ku New Zealand, kwa mmisiri Ernest Hayes, m'zaka za m'ma 1920. Ubwino wake si mphamvu ayi, koma kuti imakoka pang'onopang'ono ndipo imagwira pamene mwasiyira. Mumakoka pang'ono, n'kuima, wina ayende mzere wonse akunyamula waya pamene wakodwa pachitsa kapena pamzati, kenaka mupitirize. Mzere ukakhala wautali, mangani nsonga zonse ziwiri pamizati ya m'makona n'kukungira pakati, kuti mphamvu igawike mofanana. Pogula yang'anani zibwano. Za mano akuthwa zimaluma waya n'kusiya bala pamene dzimbiri lidzayambire, pamene zosalala zimagwira osapala.

Palinso kachipangizo kakang'ono kotchedwa ratchet strainer, kamene kamatsala pawaya mpaka kalekale. Mpanda ukakhwefuka, mumangozunguza ndi sipanala, waya n'kukulungika pakagudumu kake. Ine ndimalimbikitsa kuika kamodzi pamzere uliwonse wa waya wosalala. Kamaposa kutali chizolowezi chija chopisa kamtengo pawaya n'kupota, kapena kumupinda mazigizagi ndi pulayala, chimene chimaoneka ngati chathandiza lero koma chikupanga timipindo tofooketsa tomwe tija. Chain strainer mlimi mmodzi saigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, choncho magulu osonkhanitsa mkaka ndi makalabu a alimi atha kugula imodzi pamodzi ndi spinning jenny n'kumabwerekana.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musakunge waya ndi thirakitala, lole kapena ng'ombe zapagoli. Woyendetsa samva kuti waya wafika pati, ndipo pamene mukufuula kuti aime amakhala atapitirira kale. Waya wamingaminga akaduka ali chikungire amabwerera ndi liwiro, n'kukulunga aliyense amene waima pamzerewo. Ana asakhale pafupi, wokunga avale magalasi oteteza maso, ndipo aime mbali ina ya mzati, osati mbali ya waya. Bala lakuya la waya lisangotsukidwa n'kumangidwa kansalu, pitani nalo kuchipatala chifukwa cha kafumbata.

Nanga mudziwa bwanji kuti makilogalamu 150 akwana? Kumenya waya ndi chala n'kumvera kulira kwake kumanamiza ngakhale amisiri. Njira yotchipa ilipo. Tengani thabwa lowongoka, mukhome misomali iwiri yotalikirana mita imodzi. Pakatikati pake lembani mzere wotalikira sentimita imodzi kuchokera pamene waya adutse. Tsamiritsani misomali iwiriyo pawaya, kolekani pakatipo sikelo yaing'ono ya mbedza, mukoke mpaka waya afike pamzere uja, n'kuwerenga. Chimene sikelo yaonetsa muchulukitse ka 25. Ikaonetsa makilogalamu 6, waya wanu ali pa 150. Ikaonetsa 9, mwapitirira, bwezani tcheni. Muyeso umenewu ndi wa waya wosalala wa high tensile. Wamingaminga wofewa amangofuna kuti awongoke bwino. Mukaona mawaya ake awiri opotana aja ayamba kutambasuka ndipo minga ikusuntha, mwamuwononga kale.

Kusapitirira muyeso kuli ndi chifukwa chinanso, ndipo kuno ku Mzuzu n'chachikulu. Chitsulo chimafupika kukazizira. Waya wa mamita 100 amafupika masentimita pafupifupi 2.4 kutentha kukatsika ndi madigiri 20, kusiyana kumene n'kosadabwitsa pakati pa masana a Okutobala ndi m'bandakucha wa Julaye. Popeza nsonga zake n'zomangidwa, kufupikako kumasanduka kukoka: waya wa 2.5 amawonjezera makilogalamu pafupifupi 24, koma wonenepa wa 4 amawonjezera pafupifupi 60 pamzere uliwonse. Mpanda umene munaukunga mopitirira dzuwa likuswa mtengo, chisanu chikafika umakoka mzati wa pakona kuti usunthe pang'ono, kenaka kukatentha waya amatalika mzati osabwerera, mpanda n'kukhwefuka. Mukamakunga nthawi yotentha, siyani malo a chisanu.

Misomali ya U, ija yogwirira waya pamzati, nayonso imawononga ntchito yabwino. Pamizati ya pakati isakhomedwe mpaka kufinya waya. Siyani mpata woti waya azitha kuyenda. Ng'ombe ikagunda mpanda, mphamvuyo igawike mzere wonse wa mamita 100 ndi masentimita 15 ake aja. Mukafinya pamzati uliwonse, ndiye kuti kachigawo ka mamita atatu kokha ndi kamene kalandire nkhonya yonseyo. Msomaliwo ulowe mopendekeka pang'ono kuti miyendo yake iwiri isang'ambe mtengo pamzere umodzi, ndipo waya akhale mbali imene kuli ziweto, kuti zikamakankha zizimukankhira kumzati. Mukamaliza mizere yonse bwererani ku woyamba mukauyesenso, chifukwa mzati umakhala utasuntha pang'ono, ndipo mudzayesenso mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka.

Mpanda wakale ukamaphwasulidwa, waya wake asaunjikidwe pathengo. Yambani mwamasula mphamvu yake ndi chain strainer musanadule, zulani misomali, kenaka mukulunge mzere umodziumodzi pamgolo kapena palimu ya galimoto mukuigubuduza motsata wayayo. Mangani mpukutuwo malo atatu, muupachike pouma, kutali ndi matumba a feteleza, chifukwa feteleza amadya zinki. Moto wolusa nawonso umawononga zinki ndi kufooketsa waya, choncho lambulani udzu m'mbali mwa mpanda usanaume.

Chitini ndinatchula chija n'cha alimi a ng'ombe makamaka. Kachidutswa ka waya kotalika ngati chala, kapena msomali wa U wogwera muudzu, kamadulidwa pamodzi ndi nsenjere n'kukafika m'chodyera. Ng'ombe sisankha chakudya ndi milomo monga ichitira mbuzi, imangokokera ndi lilime n'kumeza. Chitsulocho chimakakhala m'chifu chachiwiri, chija chooneka timabokositimabokosi, chimene chili pafupi kwambiri ndi mtima, ndipo chifucho chikamafinyika waya amatha kuboola mpaka kukafika pathumba la mtima. Ng'ombe imasiya kudya, mkaka umatsika mwadzidzidzi, imaima chokhotetsa msana, safuna kuyenda ndipo imabuula ikamagona kapena kudzuka. Mukaona zizindikiro zimenezi itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndipo muwauze kuti pafamupo panagwiridwa ntchito ya waya.