Otomatiki Siikufa Yokha, Mukuipha Ndinu

Sabata ino yokha anthu atatu andiuza mawu omwewo pa galaja panga pano pa Kasungu: "Amakaniko, mundifunire ya manual, otomatiki ndi yosalimba." Wachitatuyo anachita kuwonjezera kuti otomatiki ndi galimoto ya amayi. Ndinangomuyang'ana ndikupukuta girizi m'manja, chifukwa iyeyo anabwera pa kabaza, Vitz yake ili pa miyala kumbuyo kwa galaja, ndipo woipha ndi iye mwini.

Musandimve molakwa. Ine ndinaphunzirira pa kilatchi, ndipo mpaka lero Hilux yakale ya manual ndimaikonda kuposa galimoto iliyonse imene yalowapo pa geti panga. Batire likafa uli ku Chamama, umaitana anyamata anayi, kukankha, giya yachiwiri, kusiya kilatchi, yalira. Kilatchi ikatha timatsitsa giyabokosi m'mawa, madzulo mwini wake n'kumapita. Zonsezi n'zoona. Koma chikondi changacho sichisintha zimene zikutsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Galimoto zathu zambiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo ku Japan pafupifupi galimoto iliyonse yaing'ono yatsopano imagulidwa ili ya otomatiki. Kuyambira 1991 kumeneko kuli ndi laisensi yoyendetsera otomatiki yokha. Chimene iwo sagula chatsopano, ife sitingachipeze chakale. Probox imene mumaitama ija inali ndi manual, koma ataikonzanso mu 2014 anangoisiyira CVT basi, mtundu wina wa otomatiki.

Ngakhale kwa anthu okonda liwiro, amene kale ankati wosadziwa kuponda kilatchi si dalaivala, zinthu zinatembenuka. Ferrari ndi Lamborghini anasiya kupanga manual zaka zoposa 10 zapitazo. Volkswagen inachotsa manual pa Golf GTI mu 2024. Chifukwa chake n'chosavuta: makina amasintha giya msanga kuposa dzanja ndi phazi la munthu aliyense, ndipo otomatiki za masiku ano sizimwanso mafuta ngati za magiya atatu zakale zija. Alipo amene anakana. Porsche itatulutsa 911 GT3 yopanda manual mu 2013, ogula anadandaula mpaka inabwezedwa mu 2017, ndipo Toyota inaika manual pa Supra mu 2022. Koma taonani, zimenezo ndi galimoto za anthu ogula chisangalalo. Kumeneko manual yasanduka chinthu chosangalalira Loweruka. Inu mukufuna yonyamulira anthu ndi matumba a mtedza kuchokera ku Santhe, ndiye tiyeni tikambe za imene muli nayoyo.

Cholakwa chachikulu, chimene chikundidyetsa ine nsima koma chikundinyansa, ndi kuganiza kuti otomatiki zonse ndi chimodzimodzi. Pali ija yakale, yokhala ndi magiya enieni mkati, imene mumaimva ikusintha. Ndiye pali CVT, imene ili mu Sienta zambiri, Vitz, Note, Fit ndi March zatsopanoko. CVT ilibe magiya oti muwerenge. Mkati muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndipo mphamvu yonse ya injini imadutsa pomwe chitsulo chagwirana ndi chitsulo chinzake. Oyilo wa CVT anapangidwa kuti lambayo agwire osaterera. Mukathiramo ATF wamba, oyilo wa otomatiki yakale ija, uja wa Dexron wogulitsidwa paliponse, lamba amayamba kuterera pang'onopang'ono, kukanda mapule, ndipo tizitsulo tosalala ngati ufa timayenda m'giyabokosi monse mpaka kutseka mavavu. Nissan ili ndi oyilo wake, NS-2 kapena NS-3 malingana ndi chaka. Toyota ili ndi TC ndi FE. Honda nayo ili ndi wake. Musadalire mtundu wa oyilo kuti uyu ndi wofiira ngati uja, ndiye ndi yemweyo. Werengani pa botolo, ndipo ngati wogulitsa akukuuzani kuti "onse ndi amodzi, bwana," tulukani musitolomo.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Mlimi wa fodya, munthu waulemu, wa msinkhu wa bambo anga aang'ono. Chaka chimenecho mabelo ake anayenda bwino ku okushoni ya Chinkhoma, ndiye anagula Sienta kuti izipanga matola nthawi imene fodya ali kumunda. Anabwera nayo kwa ine ili yatsopano kuno kwathu, yonunkhira bwino mkati, kuti ndiione. Ndinawauza zinthu ziwiri: tisinthe oyilo wa giyabokosi chifukwa sitikudziwa mwini wake woyamba anasintha liti, ndipo mipando isanu ndi iwiri ikutanthauza anthu 7, osati 12 ndi mbuzi kumbuyo. Anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndamva, ndibwera ndikapeza kangachepe." Sanabwere.

Mvula itagwa, mnyamata amene anamulemba udalaivala anatitimira nayo m'matope pa msewu wafumbi, itadzaza thothotho. M'malo motsitsa anthu kuti akankhe, anayamba zija za D, R, D, R, kutsogolo ndi kumbuyo, phazi lili pa moto, matayala akuzungulira pamalo amodzi. Pa manual masewera amenewo amapsereza kilatchi, n'kugula ina. Pa CVT amawiritsa oyilo, ndipo tayala likagwira nthaka yolimba mwadzidzidzi, kugwedeza konseko kumathera pa lamba. Inatuluka m'matopemo, koma kuyambira tsiku limenelo inayamba kunjenjemera ponyamuka ndi kulira ngati mluzu ikamakwera chitunda.

Apa ndi pamene ikanapulumuka. Ikanabwera sabata imeneyo, tikanaika kompyuta, kukhetsa oyilo wopsayo, kutsuka pani ya pansi pa giyabokosi ndi maginito ake, kusintha sefa, mwina ikanayendabe zaka. Koma bambo aja anapita nayo kwa mnyamata wina wa pansi pa mtengo, wa masipanala atatu ndi nyundo, amene anawauza kuti oyilo wangochepa. Anathiramo ATF. Popeza ambiri mwa ma CVT amenewa alibe kandodo koyezera oyilo, ndipo mlingo wake umayezedwa giyabokosi itafunda kufika poyenera, iye anangothira mwa maso mpaka mtima wake unakhuta. Galimoto inaoneka ngati yachira masiku awiri. Kenako nyali inayaka pa dashibodi, ndipo mnyamata yemweyo anachotsa waya wa batire kwa mphindi zingapo kuti nyaliyo izime. Inazimadi. Kuzimitsa nyali si kuchiza, n'chimodzimodzi kumwa panado pa malungo.

Anayenda nayo choncho pafupifupi mwezi, ikuchita kukoka mwendo, mpaka inaima pakati pa msewu injini ikulira koma osasuntha. Ndiye chomaliza, chimene chinandipweteka kwambiri: anaimanga chingwe ku lole n'kuikoka ulendo wonse mpaka ku boma kuno, injini yozima, matayala akutsogolo ali pansi. Pampu ya oyilo wa giyabokosi imayendetsedwa ndi injini. Injini ikazima, oyilo sayenda, koma matayala akuzunguzabe zitsulo mkati zili zouma. Nditatsegula pani, maginito anali atamera ubweya wa zitsulo, oyilo wakuda bii, fungo ngati mphika wopserera. Bambo aja anaima pambali panga chipewa chili m'manja n'kundifunsa kuti, "Ndiye palibe chimene ungachite, mwana wanga?" Ndinawauza kuti chotsala n'kugula giyabokosi ina. Ndalama ya fodya inali itatha, fetereza wa chaka chotsatira asanagule. Sienta ija inakhala pa galaja panga mpaka udzu unamera pansi pake, ndipo anadzaigulitsa kwa ophwasula masipeya. Mudzi wonse wa kwawo lero umati otomatiki ndi yosalimba.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, akulu ananena. CVT siifa tsiku limodzi, imayamba yadandaula. Ikamanjenjemera ponyamuka, ikamachedwa kugwira mukaika pa D m'mawa, injini ikamakwera mawu koma liwiro osawonjezeka, ikamachita kugunda mukaika R, imani. Tsiku lililonse limene mukuti "ndipangeko kaye ya mafuta" mukugaya chitsulo chimene sichimeranso. Ndipo mukapita kwa makaniko, mufunseni funso limodzi asanagwire sipanala: giyabokosi iyi ndi ya mtundu wanji, ndipo imamwa oyilo uti? Akayamba kukanda m'mutu kapena kuyankha kuti "timangothira wofiira," lizani galimoto muzipita. Pali enanso amene akumagulitsa timabotolo ta mankhwala oti mukathira giyabokosi imasiya kuterera. Palibe mankhwala obwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Enanso amathira oyilo wotsika mtengo m'zigubu za dzina, choncho onani chidindo cha pa chivindikiro, ndipo wopimidwa m'botolo la madzi akumwa musamuyandikire n'komwe.

Za kuika pa N, kuchotsa galimoto m'giya, potsetsereka kuti musunge mafuta, ndanena mpaka pakamwa pauma. Ndikudziwa mafuta akuvuta, tonse tagonapo pa mzere pa filing'i siteshoni. Koma injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya. Mukaika pa N, injini iyenera kumwa mafuta kuti isazime, ndiye mwataya m'malo mopindula, komanso mwasiyira mabuleki okha katundu yense. Pa mtsetse wautali, ngati mukupita kunyanja kapena mukutsika Chiweta, pali B kapena L pa ndodo yanu ya giya, kuti injini izithandiza mabuleki kugwira galimoto. Zilembo zimenezo sanaziikepo kuti zikongoletse. Poimika, kokani handibuleki kaye musanaike pa P, chifukwa chimene chimagwira galimoto pa P ndi kachitsulo kochepa ngati chala chanu. Ndipo batire likafa, musavutitse ana a eni kukankha. Otomatiki siilira ndi kukankha ngakhale mutaitana mudzi wonse. Gulani mawaya ojampira muziyenda nawo.

Ena amabwera kudzandipempha kuti ndichotse otomatiki ndiikemo manual. Zimatheka, ndinachitapo pa Corolla zakale, koma pa galimoto zatsopanozi kompyuta ya injini imalankhulana ndi ya giyabokosi, ndiye mumafunika mapedulo, mawaya, kompyuta ina, mashafuti, ndipo mukapeza wokuchitirani motchipa mudzayenda ndi nyali zoyaka dashibodi yonse ngati Khirisimasi. Ndalama imeneyo ikanakugulirani oyilo woyenera kwa zaka zambiri.

Ngati ntchito yanu ndi yonyamula mabelo, chimanga ndi fetereza m'misewu ya kumaesiteti, inde, funani pikapu ya manual, ndipo ndikuthandizani kuifuna ngakhale mtengo wake ukuwawa. Kagalimoto ka injini ya 1.5 kanapangidwira mayi wa ku Osaka wopita ndi ana kusukulu pa tala wosalala, sikangasanduke lole chifukwa choti kafika ku Kasungu. Koma ngati muli nayo kale Sienta kapena Note pakhomo, ndipo simukudziwa kuti oyilo wa giyabokosi anasinthidwa liti, ndiye kuti sanasinthidwe. Pitani nayo sabata ino kwa munthu amene ali ndi kompyuta yoyezera, ndipo botolo la oyilo alitsegule inu mukuona.