Ulendo wa Kumudzi ndi Thandizo la Lendi ku Britain

Anthu ambiri okhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe obwereketsa nyumba pamtengo wotsika ku Britain amakhulupirira kuti malinga dzina lawo lili pa pangano la nyumba, ndalama zothandizira lendi zizibwerabe mwezi ndi mwezi. Sizili choncho. Thandizoli limaperekedwa kwa munthu amene akukhaladi m'nyumbamo ngati kwawo, ndipo lamulo linaika malire a masiku amene munthu angachokepo osataya ndalamazo.

Thandizo la lendi lilipo la mitundu iwiri. Housing Benefit imayendetsedwa ndi khonsolo, ndipo masiku ano amene angaipemphe kumene ndi anthu ofika msinkhu wa penshoni ndi okhala m'nyumba zongoyembekezera kapena zokhala ndi owasamalira. Ena onse amalandira ndalama ya lendi mkati mwa Universal Credit, ndalama ya mwezi ndi mwezi yothandizira anthu osagwira ntchito kapena opeza zochepa, imene imachokera ku DWP, nthambi ya boma yoona za ntchito ndi penshoni. Pa mitundu yonse iwiri, wopempha ayenera kukhala ndi chilolezo chomuyenereza kukhala m'dzikomo ndiponso kusonyeza kuti ndi wokhazikika, zimene kwa wongofika kumene zimatenga kawirikawiri mwezi umodzi mpaka itatu. Amalawi amene anabwera pa viza ya ntchito yosamalira odwala ndi okalamba kapena ya sukulu nkhaniyi siwakhudza, pakuti ziphaso zawo zimawaletsa kulandira ndalama za boma, ndipo kupempha thandizoli kukhoza kuwononga pempho lawo la viza la mtsogolo.

Mavuto ambiri amene timakumana nawo pa ntchito yolangiza anthu amabwera pa nkhani ya maulendo. Munthu wolandira Housing Benefit angathe kuchoka panyumba mpaka masabata 13 ngati ali mkati mwa England, Scotland kapena Wales, ndipo malirewo amafika masabata 52 pa zifukwa zina monga kugonekedwa m'chipatala kapena kuthawa nkhanza za m'banja. Kale malire a masabata 13 ankagwiranso ntchito kwa opita kunja, koma kuyambira pa 28 July 2016 anatsitsidwa kufika pa masabata 4 okha. Pa Universal Credit malire a ulendo wa kunja ndi mwezi umodzi, ndipo akapyoledwa imaima ndalama yonse, ya lendi pamodzi ndi ya chakudya yomwe.

Pali mfundo imodzi imene yapweteketsa anthu ochuluka, ndipo ndiyenera kuifotokoza mosapsatira. Lamulo silinena kuti munthu alipiridwa masabata 4 oyamba kenako ndalama n'kuima. Limafuna kuti ulendowo ukhale woyembekezeka kutha m'masabata 4 kuyambira tsiku lonyamuka. Choncho mayi amene wagula tikiti yopita ku Lilongwe yobwerera pakatha masabata 6 sayenera kulandira thandizo kuyambira pachiyambi pomwe, ndipo ndalama iliyonse imene ingalowe iye ali ku Malawi idzawerengedwa ngati ngongole yoti abweze. Lendi nayo siiyembekeza munthu. Imapitirira kuwerengedwa sabata ndi sabata, moti wobwera kumudzi amapeza ngongole ziwiri zikumudikira pakhomo.

Pa nkhani ya maliro lamulo limafewako. Khonsolo ikhoza kuwonjezera masabata ena 4, ndipo DWP mwezi wina umodzi, ngati womwalirayo ndi mwamuna kapena mkazi wa wolandira thandizo, mwana wake, kapena m'bale wapafupi, komanso ngati aona kuti sikukanakhala koyenera kuyembekezera kuti munthuyo abwerere msanga. Koma abale apafupi amene lamulo limawawerenga ndi ochepa: makolo, apongozi, ana, achimwene ndi achemwali, ndi amene anakwatirana nawo. Agogo mulibemo, amalume mulibemo, azakhali mulibemo. Kwa ife amene ambiri tinaleredwa ndi agogo, kapena amene amalume ndiwo nkhoswe ndi mwinimbumba, mndandanda umenewu ndi wopapatiza kwambiri, ndipo m'kuona kwanga unalembedwa poganizira banja la mtundu umodzi wokha. Ngakhale zili choncho, wogwira ntchito ku khonsolo alibe mphamvu youtambasula. Wopita kunja kukalandira chithandizo cha mankhwala amapatsidwa nthawi yotalikirapo, masabata 26 pa Housing Benefit ndi miyezi 6 pa Universal Credit.

Ena poopa ngongole amalowetsa munthu wina m'nyumbamo kuti azilipira lendi iwo ali kutali. Njira imeneyi ndi yoopsa kuposa vuto limene ikufuna kuthetsa. Thandizo la pa nthawi ya ulendo limaperekedwa pokhapokha nyumbayo isanabwereketsedwe kwa wina, ndipo ku England ndi Wales lamulo la 2013 lothana ndi chinyengo pa nyumba zoterezi linaika kuti kubwereketsa nyumbayo mosaloledwa, mwini wake atasiya kukhalamo, ndi mlandu umene chilango chake chingafike zaka 2 m'ndende ngati pali chinyengo. Ku England, wobwereketsa nyumba yonse amatayanso chitetezo cha pangano lake, ndipo sichibwerera ngakhale iye atadzalowanso m'nyumbamo.

Wokonzekera ulendo adziwitse khonsolo kapena DWP asananyamuke, atchule tsiku lobwerera, ndipo auzenso eni nyumba. Asunge tikiti yosonyeza masiku onse awiri, ndipo ngati ndi maliro abwere ndi kalata ya imfa pamodzi ndi umboni wa ubale wake ndi malemuwo. Ngati ndalama zaimitsidwa ndipo munthu akuona kuti sanalakwe, ali ndi mwezi umodzi kuchokera pa tsiku la chigamulo wopempha kuti nkhaniyo iunikidwenso, ndipo akakanidwa angathe kuitengera ku bwalo loima palokha lomva madandaulo.