Fodya Sateteza Asilikali Opuma ku Covid-19

Kuyambira mu 2020, pamene kafukufuku wa pachipatala cha Pitié-Salpêtrière ku Paris anapeza osuta ochepa pakati pa odwala Covid-19, mphekesera yoti fodya amateteza ku matendawa sinathe. Bodza limeneli n'loopsa kwambiri kwa asilikali opuma a ku America, amene ena mwa iwo anazolowera kusuta pa nthawi imene ndudu zinkaikidwa m'phukusi la chakudya cha msilikali, mpaka 1975. Ziwerengero za kafukufuku uja zinkasocheretsa, chifukwa wodwala wobanika sankafunsidwa bwinobwino za fodya, ndipo amene anasiya mapapo atawonongeka kale sankawerengedwa pakati pa osuta. Utsi umafooketsa mapapo ndi mtima, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza mu 2020 momwemo kuti wosuta akagwidwa ndi kachilomboka amatha kudwala mwakayakaya.