Mwana akatupa mapazi, ndalama ya thandizo isathere kwa sing'anga

Amayi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ena mwa inu mukulandira ndalama za thandizo, kaya za INAS (bungwe la boma lothandiza osowa) kaya zobwera pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Ndalama ikagwera m'manja mwa mayi, kawirikawiri imakhala ufa ndi ndiwo, ndipo ngakhale nkhokwe zigone mu Januwale, utsi umafukabe pakhomo. Izi timaziona ndipo tikuyamikira. Chikutisowetsa tulo ife a zaumoyo n'china.

Posachedwapa tidalandira mwana wa zaka ziwiri, mapazi ali tupu, tsitsi lafiira n'kumathothoka, khungu la m'miyendo likusupuka, m'chiuno muli kachingwe ka mankhwala. Mayi ake anali atalandira ndalama masabata awiri m'mbuyomo. Agogo adati ndi tsempho, bambo ake amusempha, choncho ndalama yonse idathera kwa sing'anga, nkhuku pamwamba. Kuchipatala adafika mwana atasiya ngakhale kulira.

Kutupa kumeneku ndi kunyentchera kwa mtundu woopsa. Kumabwera mwana akamangomwa phala lamadzimadzi la ufa woyera, akasiyitsidwa bere msanga, kapena akafooka ndi kutsegula m'mimba, malungo kaya chikuku. Si tsempho, amayi. Musanyengedwenso n'masaya otupawo n'kumati mwana wanenepa. Amenewo ndi madzi.

Yesani nokha: dindani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu, n'kuchotsa. Pakatsala kadzenje, nyamukani tsiku lomwelo. Musadikire bambo abwere kumunda, musadikire akuluakulu athe kukambirana za amene walakwa. Milanduyo mudzaipeza pobwera. Wothandiza za umoyo wa m'mudzi mwanu, uja timamutcha APE, ali ndi kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakagwera pofiira, pansi pa masentimita 11.5, ndiye kuti zafika poipa ngakhale mapazi asanatupe. Chiponde cha kuchipatala n'chaulere, ndipo ndi mankhwala a mwana wodwalayo, osati chogawana nyumba yonse kapena chokagulitsa pamsika.

Ndalama ikalowa, yambani ndi mphika wa mwana. Phala likhale la mgaiwa, lolimbako, muthiremo nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena matemba osinja, ndi kasupuni ka mafuta. Soya ndi mtedza timalima tokha kuno, koma timagulitsa zonse pokolola n'kudzazigulanso modula mvula ikagwa. Azibambo, foni ingakhale yanu, koma ndalamayo si ya kachasu.

Agogo athu, timakulemekezani, ndipo tikudziwa kuti mawu anu ndiwo amamveka pakhomo. Mdzukulu akatupa, mawu anu oyamba akhale oti apite naye kuchipatala. Ndipo inu amayi, pa ndalama iliyonse mwalandira, mangani kangachepe pansonga ya chitenje, ka njinga yamoto, poti mwana wotupa akayamba kuzizira thupi usiku sadikira kuti kuche.