Mwasiya mowa? Ola lija munkakhala ku bawa lipezereni chochita

Abale anga a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku, Epworth ndi konse komwe tikupezeka ife oyankhula Chichewa muno mu Harare, uthengawu ndi wa munthu amene waganiza zosiya mowa, kapena wasiya kale masiku angapo koma akuona ngati dzuwa silikulowa. Ndi wanunso amayi, achemwali, amalume amene mukusunga munthu wotereyu pakhomo ndipo mukusowa pogwira. Nkhani yake ndi ya mafizo, kuyenda ndawala, kuthamanga pang'ono, kugwiritsa ntchito thupi, ndi mmene zimathandizira kuti munthu asabwerere ku botolo.

Koma ndiyambe ndi chenjezo chifukwa apa pamafa anthu. Ngati mumamwa tsiku ndi tsiku, makamaka zolimba zija, kachasu, musombodhiya, timabotolo totchipa tija amati tumbwa, ndipo mukadzuka mmawa manja amanjenjemera mpaka mutalawako kaye, chonde musasiye mwadzidzidzi muli nokha mnyumba, ndipo sabata imeneyo si yoti muyambe kuthamanga ayi. Thupi lomwe lazolowera mowa likausowa limavuta. Pakangodutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza kumayamba kunjenjemera, thukuta, nseru, mtima kugunda mwaliwiro, tulo osabwera. Ena mkati mwa masiku awiri oyamba amagwa nkumaphupha ngati wa khunyu. Ndiye pali china choopsa kwambiri chomwe chimakonda kubwera tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, munthu amasokonezeka mutu, kuona njoka kapena tizilombo pakhoma pomwe palibe kanthu, thupi kutentha, osazindikira ngakhale ana ake, madokotala amati delirium tremens. Kwathu kuno tikaona zimenezi timafulumira kunena kuti amulodza kapena mizimu ya makolo yakwiya, nkumataya nthawi, pomwe munthuyo akufunika chipatala ola lomwelo. Yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya mdera lanu muwauze anesi zoona zake za kuchuluka kwa mowa womwe mumamwa, osachepetsa ndi manyazi. Zikavuta kuli ku Parirenyatwa, mbali ija ya matenda a maganizo amati Annexe, komanso ku Sally Mugabe komwe ambiri timangoti ku Gomo. Kumeneko amapereka mankhwala okhazika thupi pansi ndi vitamini B1, dzina lake thiamine, yemwe amasowa kwambiri mthupi la munthu womwa ndipo akasowa ubongo umawonongeka. Mafizo amabwera pambuyo, kunjenjemera kukatha komanso a chipatala akakuyezani BP, shuga ndi mtima nkukuuzani kuti yambani.

Ndiye bwanji mafizo, akugwirizana pati ndi mowa?

Taganizani tsiku la munthu womwa. Waweruka cha m'ma 5, watsika kombi, miyendo yokha ikudziwa njira ya ku botolo sitolo, anzake ali pomwepo pa benchi yomweyo, sikadi ya Chibuku ikuzungulira, nkhani za mpira wa Dynamos ndi CAPS mpaka usiku. Akasiya mowa sikuti wasiya chakumwa chokha, wataya malo okhala, anthu ocheza nawo ndi maola atatu kapena anayi a tsiku lililonse omwe tsopano ali mbee opanda chochita. Ine ndimaona kuti dzenje limeneli ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri kuposa china chilichonse, munthu amakhala pa mpando kuyang'ana khoma, maganizo nkuyamba kuzungulira, ngongole, renti, ana a sukulu, basi kenako wanyamuka. Nchifukwa chake ndikuti ola lomwe munkamwa lomwelo ndi lomwe muziyenda. Ngati chibaba chimakugwirani 5 koloko, 5 koloko ikupezeni muli mumsewu nsapato kuphazi, mukulowera kwina osati njira yodutsa pa bawa. Chibaba cha mowa sichikhala tsiku lonse ndi mphamvu imodzimodzi, chimakwera nkutsika, nthawi zambiri mukachipirira mphindi 20 kapena 30 chimafooka chokha, ndiye ndawala ya theka la ola imakuwolotsani pa nthawi yovutayo.

Mu ubongo namo muli nkhani. Mowa umakankha ubongo kutulutsa dopamine, kamadzi kamene kamapangitsa munthu kumva kukoma, ndiye ukamwa zaka zambiri ubongo umazolowera kulandira zambiri nthawi imodzi ndipo zinthu wamba zimasiya kukoma. Mwezi woyamba mutasiya nsima imakhala ngati utuchi, nyimbo sizikoma, kuseka kumavuta, mumangopsa mtima ndi ana popanda chifukwa. Si kuti mwalakwitsa kusiya, ubongo ukukonzanso zinthu zake ndipo zimatenga masabata ngakhale miyezi. Kugwiritsa ntchito thupi kumathandiza pamenepa, kumachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, kumabweretsa njala yabwino ndi tulo, kukoma kwake nkochepa poyerekeza ndi kwa botolo inde, koma mmawa mwake simudzuka ndi matsire kapena mthumba muli mbee.

Ndinene mosabisa kuti mafizo paokha si mankhwala ochiza uchidakwa. Ndi mwendo umodzi wa mpando. Uphungu, mankhwala ngati adokotala alemba, gulu la anzanu osiya mowa, pemphero kwa amene mumapemphera, zonsezi zimayendera limodzi. Munthu asakunamizeni kuti ukamapita ku jimu basi wachira.

Bodza lina lomwe lafala ndi loti ukamwa usiku mmawa uthamange kuti mowa utuluke ndi thukuta. Ayi achimwene. Mowa pafupifupi wonse umaphwanyidwa ndi chiwindi, ndipo chiwindi chili ndi liwiro lake, pafupifupi botolo limodzi laling'ono la mowa pa ola, kaya muthamange kaya mugone sichifulumira. Wotuluka ndi thukuta ndi wochepa zedi. Kuthamanga ndi matsire kumangoumitsa thupi lomwe lauma kale, shuga mmagazi amatsika, mtima umadumphadumpha, mutha kugwa pamsewu.

Kayambidwe kake ndi kochepa kwambiri moti ena amanyoza. Sabata yoyamba yendani mphindi 10 kapena 15 patsiku basi, kuzungulira malayini a kwanu, kapena tsikani kombi malo amodzi musanafike nkumaliza wapansi. Sabata yachiwiri onjezerani mphindi 5, yachitatu chimodzimodzi, mpaka muzifika theka la ola masiku asanu pa sabata. Apo mwakwanitsa mphindi 150 zomwe a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita pa sabata, iwo amati 150 mpaka 300 za mafizo apakatikati, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Liwiro loyenera mulidziwa chonchi, muzitha kuyankhula ndi mnzanu koma kuimba nyimbo kuzikuvutani. Mukaona kuti mawu sakutuluka chifukwa cha befu chepetsani. Zolimbitsa minofu sizifuna ndalama, kukhala pa mpando nkuimirira kakhumi, mapushapu otsamira khoma kaye musanapite pansi, kunyamula zigubu za madzi zomwe ambirife timanyamula kale kuchokera ku mjigo, kulima kadimba ka ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Zonsezi ndi mafizo. Kutsuka, kukolopa, kupalasa njinga kupita ku ntchito, kuvina ku kwaya ya ku tchalitchi nazonso zikuwerengedwa.

Amene mumafuna malo abwinoko Loweruka, Harare Gardens ili mtauni momwemo ndipo simulipira, ku Mukuvisi Woodlands kuli tinjira ta mmitengo koma pakhomo amalipiritsa, ndiye mabwalo a mpira a mmalokeshoni mmawa amakhala opanda anthu mutha kuzungulira kangapo. Nyengo muziiona, Okutobala dzuwa la muno limaotcha ndiye yendani kusanatenthe kapena litapendeka, Juni ndi Julayi mmawa kumazizira koopsa valani juzi ndipo yambani pang'onopang'ono thupi lifunde kaye. Mumsewu yendani moyang'anizana ndi magalimoto, makombi sadikira munthu, ndipo amayi ndi atsikana kukada musayende nokha, tengani mnzanu mmodzi kapena awiri.

Tsopano nkhani ya mpira, apa ndikufuna mumvetsetse chifukwa yapweteka ambiri. Munthu akasiya mowa anzake amati bwera uzisewera nafe Lamlungu, mpira wa ma boozers. Dzina lokhalo likukuuzani kale, limatanthauza anthu omwa mowa. Mpirawo ndi wabwino, kuthamanga kulipo, kuseka kulipo, koma wezulo yomaliza ikangolira ma kuleti amatuluka mbuti ya galimoto, nyama pamoto, ndiye inu mwatopa, kukhosi kwauma gwa, thukuta lili noninoni, wina nkukupatsirani yozizira akuti imodzi yokha mdala siipha. Pa miyezi yoyambayi ine ndinganene kuti kumeneko musapiteko nkomwe. Ngati mpira uli mmagazi pezani timu ya ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kapena muziphunzitsa ana a mlayini mwanu madzulo, ndipo tsiku lomwe mwasankha kupita kwa ma boozers nyamulani botolo lanu la madzi, muuziretu mnzanu mmodzi wodalirika kuti ine ndinasiya, ndipo gemu ikatha musakhale pansi ayi, valani juzi muzipita. Chimodzimodzi ku magule athu, gule wamkulu, beni, ku maliro ndi ku zinkhoswe komwe masese sasowa, kuvina vinani koma mudziwiretu nthawi yochokera ndi amene muchoke naye.

Pa zakudya, thupi la munthu amene wamwa zaka zambiri limakhala losowa zambiri chifukwa mowa umalowa mmalo mwa chakudya. Musapite koyenda mmimba muli pululu, idyani kaye kanthochi, kambatata, kapena phala. Nsima ya ufa wa mgaiwa iposa ya woyera pa mavitamini, ndiwo zikhale nyemba, nsinjiro, matemba, mazira, masamba. Chilakolako cha zotsekemera chimabwera kwambiri mukasiya mowa, sichachilendo, koma musalowetse ma enaje dirinki mmalo mwa mowa chifukwa amathamangitsa mtima nkukulandani tulo. Mahewu ndi thobwa zili bwino zikakhala zatsopano, koma thobwa logonera masiku lomwe layamba kuwawasa lija limakhala layamba kusanduka mowa, lisiyeni. Madzi imwani musanayende ndi pobwera, owiritsa kapena othira mankhwala, tonse tikukumbukira kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro.

Pali zizindikiro zoti mukaziona imani pomwepo mupite ku chipatala tsiku lomwelo: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, befu woti simungathe kuyankhula ngakhale mwaima, mtima kugunda mosalongosoka, chizungulire kapena kukomoka, miyendo ndi mimba kutupa, maso achikasu, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii. China ndi ichi, ngati mwachita mafizo amphamvu kenako minofu ikupweteka koopsa ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, imeneyo ndi minofu yomwe yaphwanyika ndipo imatha kuwononga impso, musadikire kuti ziona mawa. Mowa umawononganso mitsempha ya kumapazi, ena amamva dzanzi kapena moto kuphazi, otere valani nsapato zotseka ndipo muziyang'ana mapazi madzulo aliwonse ngati pali bala lomwe simunalimve, makamaka a shuga. Amene muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a shuga pitirizani kumwa monga mwa nthawi zonse, ingowauzani anesi kuti mwasiya mowa ndipo mwayamba mafizo kuti aone ngati pali chosintha.

Tulo timavuta kwa masabata angapo, ena miyezi, ndipo ambiri amabwerera ku mowa pofuna kungogona. Kuyenda mmawa dzuwa likukuwombani kumathandiza thupi kudziwa usana ndi usiku, ndiye amene mungathe yendani kawiri, pang'ono mmawa ndi ndawala ija ya 5 koloko. Mafizo olemetsa mutatsala pang'ono kugona ayi. Komanso samalani mtima woti poti ndasiya mowa ndizithamanga maola awiri tsiku lililonse, bondo likavulala mudzakhala pansi milungu itatu ndipo dzenje lija lidzatsegukanso.

Mukaterereka nkumwa tsiku lina, zimachitika kwa ambiri, musati zonse zapita. Tsiku la matsire pumulani, imwani madzi, idyani, muuzeni munthu amene akukuthandizani zomwe zachitika, tsiku linalo nsapato kuphazi mphindi 15 zija. Koma ngati mwamwa masiku angapo motsatizana ndipo kunjenjemera kwabwereranso, bwererani ku kiliniki kaye monga poyamba paja.

Inu a pakhomo, mmalo momuwerengera zolakwa zakale mufunseni kuti bambo a ana, kapena achimwene, tiyende limodzi kukagula tomato ku msika wakutali uja. Mwana wa sukulu naye atha kuperekeza bambo ake, ndipo bambo savuta kudzuka akadziwa kuti mwana akudikira pakhomo. Maganizo akachuluka, kuja anzathu a Chishona amati kufungisisa, funsani ku kiliniki ya khonsolo za Friendship Bench, ntchito yomwe anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala nanu pa benchi kumva mavuto anu mwachinsinsi ndipo simulipira. Magulu a Alcoholics Anonymous, a anthu othandizana kusiya mowa, nawo amakumana muno mu Harare, anesi kapena alangizi a ku chipatala atha kukulozerani lomwe lili pafupi ndi kwanu. Ndipo ngati mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire tsiku la gulu kapena la benchi, uzani munthu amene muli naye pafupi akuperekezeni ku chipatala lero lomwe.