Mphwanga akufuna kukakwera Ojos del Salado, nde ndamuuza izi

Sabata yatha mwana wa achemwali anga anandipeza kunyumba madzulo nditangoweruka ku chipatala, nkhope ili mwee, akuti amalume mwayi wandigwera. Mnyamatayu amagwira ntchito ku Senga Bay, amayendetsa alendo pa boti, nthawi zina amawaperekeza mpaka ku Mulanje, nde alendo ena omwe anakwera nawo Sapitwa amukonda mpaka amuitana kuti apite nawo ku Chile mu Januwale akakwere phiri lotchedwa Ojos del Salado, zonse alipira iwowo. Funso lake linali limodzi basi, akuti amalume pali mankhwala oti ndikamwe kumeneko? Za thupi musade nkhawa, ndimapalasa bwato, ndimasambira, Sapitwa ndakwera kambirimbiri.

Mawu omalizawo ndi amene anandipangitsa kumuuza kuti akhale pansi timwe kaye tiyi. Zimene ndinamuuza ndaona kuti ndizilembe pano, chifukwa masiku ano achinyamata athu ambiri ayamba kukwera mapiri, ena akupita ku Kilimanjaro, ndipo ambiri amaganiza ngati iyeyu kuti nkhani yake ndi ya minofu.

Tiyambe ndi malowo. Ojos del Salado lili m'malire a Chile ndi Argentina, m'mapiri a Andes, ndipo ndi lalitali mamita 6,893. Pa mapiri onse ophulika moto padziko lapansi lalitali kwambiri ndi limeneli. Oyamba kufika pansonga pake anali anthu awiri a ku Poland mu 1937. Kuti muone kukula kwake, Sapitwa wathu ndi mamita 3,002, Kilimanjaro ndi 5,895, pomwe ife kuno ku Salima tili pafupifupi mamita 500 okha kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Nde musanjike Sapitwa awiri, nsonga ya Ojos simunaifikebe. Komanso phirili lili m'chigawo cha chipululu cha Atacama kumene madera ena amatha zaka osaona dontho la mvula. Kulibe mtengo, kulibe mudzi, ndi miyala, mchenga, mchere ndi mphepo. Tauni yomwe amanyamukira ndi Copiapó, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Laguna Verde komwe ambiri amamanga kampu ndi makilomita opitirira 250.

Tsopano nkhani ya mpweya. Anthu amati kumwamba kulibe okosijeni, koma zenizeni nzakuti okosijeni amakhalabe 21 peresenti ya mpweya kaya ku Lifuwu kaya pansonga pa phiri. Chimene chimachepa ndi kupanikizika kwa mpweyawo. Kuno kunyanja mpweya wonse uli pamwamba pathu ukutipsinja, nde ukamapuma umalowa wothithikana, mapapo amatenga okosijeni wokwanira mosavuta. Ukamakwera mpweya umamka numwazikana, pofika mamita 5,500 pa kupuma kulikonse umalandira pafupifupi theka la okosijeni amene ukanalandira kunsi, pansonga pa Ojos ndiye safika ndi theka lomwe. Kamakina kopanira pachala koyezera okosijeni m'magazi kaja tinakadziwa nthawi ya Covid, munthu wabwinobwino kuno kamaonetsa 97 kapena 98, ndipo ku wodi kakatsika pansi pa 90 timathamangira silinda. Pa mamita 5,000 munthu amene akuyenda, akudya, akucheza, kangathe kuonetsa cha m'ma 80. Komanso kamakinaka kamanama zala zikazizira, ndipo pa khungu lakuda ngati lathuli nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa zenizeni, nde osamangokhulupirira nambala munthu akuoneka kuti sali bwino.

Thupi limatha kuzolowera, koma limafuna masiku, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa ndi mphwangayu. Masiku oyamba umapuma mofulumira olo uli chikhalire, mtima umagunda mothamanga, umakodza pafupipafupi chifukwa impso zikukonza magazi kuti ubongo ulole kupuma kwambiriko. Kenako impso zomwezo zimatulutsa homoni yotchedwa EPO imene imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira ambiri, koma izi nza masabata, osati za usiku umodzi ayi. Mu zonsezi palibe pamene minofu ya wopalasa bwato ikulowapo. Liwiro limene thupi lako lizolowere umabadwa nalo, ndipo nthawi zambiri anyamata amphamvu ndi amene amayamba kugwa chifukwa miyendo imawalola kukwera msanga kuposa mmene magazi awo akuzolowerera. Mayi wa zaka 55 woyenda pang'onopang'ono atha kukafika, mnyamata wa mpira nkubwezedwa. Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nchifukwa chake ulendowu umatenga sabata ndi theka kapena masabata awiri pomwe kukwera nsonga yeniyeniyo ndi tsiku limodzi. Lamulo limene madokotala a za mapiri amapereka ndi loti ukadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa tsiku, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi upume tsiku lathunthu. Masana utha kukwera kamtunda kapamwamba nkubwerera kudzagona kunsi, zimathandiza kwambiri. Nde magulu abwino amagona kaye cha ku Laguna Santa Rosa pa mamita pafupifupi 3,700, kenako Laguna Verde cha pa 4,300 masiku angapo akukwera timapiri tapafupi, ena amakayesa kaye phiri la San Francisco lomwe limapitirira pang'ono 6,000, kenako kampu ya Atacama cha pa 5,200, kenako Tejos cha pa 5,800. Chondiopsa ine pa phiri limeneli ndi galimoto. Ku Mulanje miyendo yako ndi imene imakuletsa kuthamanga, koma kumeneko galimoto za fo bayi fo zimafika mpaka ku kampu ya Atacama, ndipo Copiapó ili pansi ngati Salima yomwe. Munthu utha kudya kadzutsa pa mamita 400 nkukagona pa 4,300 tsiku lomwelo osatuluka ndi thukuta lomwe. Ndinamuuza kuti apemphe pulogalamu ya ulendo wonse yolembedwa, tione limodzi kuti usiku uliwonse akugona pa mamita angati, ndipo ngati yalembedwa mothamanga akane olo tikiti ndi yaulere.

Matenda ake ali mitundu itatu ndipo ndikufuna aliyense awadziwe ngati mmene timadziwira zizindikiro za malungo. Woyamba ndi wofala, mutu umawawa, nseru, chakudya sichilowa, tulo sitibwera, kufooka ngati matsire. Anthu a ku Andes amautcha soroche kapena puna. Ukamva choncho usakwerenso, khala pomwepo, imwa Panado, dikira tsiku, zikapanda kusintha tsika. Usiku ena amadzidzimuka akumva ngati mpweya waima, amapuma mwamphamvu kangapo kenako zii masekondi angapo kenako kuyambanso, izi zokha sizoopsa, zimachitika kwa ambiri kumtunda.

Mitundu iwiri inayo ndi yakupha. Wina madzi amadzaza m'mapapo, munthu amabanika olo atangokhala, kumanga zingwe za nsapato kokha wefuwefu, chifuwa chouma chimene kenako chimatulutsa makhololo athovu mwina ofiirira, m'chifuwa mukumveka kolokolo, milomo yasintha mtundu. Kawirikawiri zimayamba usiku wachiwiri mpaka wachinayi pamalo atsopano. Winawo ubongo umatupa, munthu amadzandira ngati waledzera, amayankhula zosagwirizana, amakwiya popanda chifukwa, amangofuna kugona. Kuyeza kwake nkosavuta, jambulani mzere pansi ayende chidendene kugunda chala, akalephera basi nkhani yatha. Mankhwala alipo, nifedipine wa mapapo, dexamethasone wa ubongo, okosijeni wa m'silinda, koma zonsezi nzongogulira nthawi. Chochiza chenicheni ndi kutsika, mamita 500 mpaka 1,000, nthawi yomweyo olo ndi 2 koloko usiku, osadikira kuti kuche, ndipo wodwalayo asatsike yekha. Chomvetsa chisoni nchakuti ubongo ukayamba kutupa mwiniwake ndi amene amakana kwambiri kuti akudwala. Ndinamuuza mphwanga kuti iwe ukupita ngati woitanidwa, udzachita manyazi kunena kuti mutu ukundiwawa poopa kuwononga ulendo wa anthu amene akulipirira, manyazi amenewo uwasiye ku Senga Bay konkuno, ukamva kanthu uza gayidi pompo.

Za mankhwala amene ankafunsa aja, alipo, acetazolamide, ambiri amamudziwa ndi dzina loti Diamox, ife timapatsa odwala maso a glaucoma. Popewa matenda a kumtunda akuluakulu amamwa 125 mg kawiri pa tsiku kuyambira tsiku limodzi asanakwere. Amapangitsa impso kutaya mchere wina wa m'magazi wotchedwa bicarbonate, nde thupi limapuma kwambiri nkuzolowera msangako. Amabweretsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, kukodzakodza, ndipo zakumwa za gasi zimasanduka zosakoma. Amene Bactrim kapena Fansidar anawatulutsapo ziwengo ayambe akambirana ndi dokotala. Koma si chilolezo chothamangira ayi, munthu akumwa Diamox atha kudwalabe akakwera mopupuluma.

Ndiye pali madzi, ndipo ife a kunyanja apa ndi pamene tingapusitsidwe. Kuno ludzu timalidziwa ndi kutentha kwa Okutobala, thukuta kamukamu. Kumeneko kukuzizira, thukuta sulioona, ludzu sulimva kwenikweni, koma mpweya ndi wouma gwa ndipo ukupuma kawirikawiri, nde mpweya uliwonse umene ukutulutsa ukunyamula madzi a m'thupi. Milomo imang'ambika, mphuno imatha kutuluka magazi, kukhosi kumauma. Pamafunika malita atatu kapena anayi pa tsiku, ndipo choyezera chabwino ndi mkodzo, ukakhala wachikasu chodera ndiye kuti madzi akuperewera. Laguna Verde ndi nyanja yokongola yobiriwira, m'mphepete mwake muli akasupe otentha ngati a ku Chombo ku Nkhotakota, koma madzi ake ndi amchere osamweka, nde akumwa amachita kubwera nawo pa galimoto m'zigubu. Kumtunda amasungunula sinowo kapena ayisi, ndipo ayisi wa kumeneko amaima ngati mipeni italiitali yoloza kumwamba chifukwa dzuwa ndi kuuma zimamudya mbali ndi mbali, amamutcha penitentes. Kuphika nakonso kumavuta, pa mamita 5,000 madzi amawira atangofika madigiri pafupifupi 83, akubwadamuka koma sakutentha mokwanira, nyemba mungaziphike mpaka gasi kutha.

Pa gasi pomwepo, izi ndinamubwerezera kawiri. Kunja kukakhala mphepo anthu amayatsa sitovu mu tenti atatseka zipi. Ndi nkhani yomwe ija ya mbaula ya makala m'chipinda chotseka mwezi wa Juni, mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide ulibe fungo, umakakamira m'magazi pamalo pa okosijeni, ndipo zizindikiro zake mutu ndi nseru zimafanana ndendende ndi matenda a kumtunda. Magazi amene ali kale ndi okosijeni wochepa sangapirire zimenezo.

Kuzizira ndi dzuwa ndingodutsapo mwachidule. Tsiku lopita pansonga amanyamuka usiku, kuzizira kumatha kufika madigiri 20 pansi pa ziro, kuphatikizapo mphepo yoti mwera wathu uja ndi wamng'ono, zala zikachita dzanzi nkuyera mbee ndiye kuti zayamba kuuma, osazitikita ndi sinowo kapena kuziwotcha pa moto, zifunditseni kukhwapa. Nsapato zikhale za mapiri a ayisi zenizeni, za pa kaunjika zimene amakwerera Sapitwa sizingathandize. Magalasi akuda otseka ndi m'mbali momwe ndi ofunika chifukwa dzuwa la kumtunda limawotcha maso, ndipo khungu lakuda nalo limapsa. Chakumapeto kwenikweni pali thanthwe loti ukwere ndi manja utagwira chingwe, uli wotopa kale.

Pali zina zimene alendo akewo sangaziganize chifukwa si za kwawo, koma ife a Salima ndi Nkhotakota nzathu. Choyamba malungo. Udzudzu ukakuluma usiku wonyamuka, malungo atha kudzatuluka patapita sabata kapena awiri, nthawi imene uli pa kampu ya pamwamba, ndipo mutu, kusanza ndi kufooka onse adzati ndi phiri. Ku Chile malungo safala, nde si chinthu choyamba chimene angaganize. Matenda a kumtunda paokha sakonda kubwera ndi kutentha thupi kwambiri ndi kunjenjemera, zikatero ganiza malungo. Ndamuuza ayezetse asananyamuke, azigona mu neti masabata onsewa, anyamule LA ndi toyezera malungo, ndipo auze wotsogolera gulu kuti akuchokera dera la malungo. Chachiwiri likodzo, munthu wokhalira m'madzi ngati iyeyu atha kumataya magazi pang'onopang'ono osadziwa, nde tiyeza mkodzo ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa magaziwo ndi amene amanyamula okosijeni wochepayo.

Chachitatu ndi chimene chikundisowetsa tulo, sickle cell. Kuno kwathu alipo anthu ambiri amene anatengera mbali imodzi yokha kwa kholo limodzi, sadwala, ndi amphamvu, sadziwa nkomwe kuti ali nayo. Koma okosijeni akachepa kwambiri, kuphatikizapo kuchepa madzi m'thupi, kuzizira ndi kutopa, maselo awo ofiira atha kupindika nkutseka timitsempha ta kapamba, munthu nkumva kupweteka koopsa kumanzere pansi pa nthiti, chipatala chili maola ambiri kutali. Amene ali ndi matenda enieniwo a sickle cell ndiye asayerekeze nkomwe. Ku banja la bambo ake a mnyamatayu kunali mwana amene ankathiridwa magazi pafupipafupi, nde sindikufuna zongoganizira.

Anakhala chete nthawi yaitali tiyi mpaka kuzizira, kenako akuti ndiye amalume mukundiletsa? Ndinati ayi mphwanga, ine ndikufuna upite, ndikufuna ukaime pamenepo udzatiuze mmene chipululu chimaonekera uli pamwamba pake, koma tiyambe ndi magazi. Watumiza kale uthenga pa WhatsApp kupempha pulogalamu ya masiku onse, ndipo Lolemba m'mawa tikwera limodzi minibasi ya ku Lilongwe kukayezetsa sickle cell. Zotsatira zikatuluka ndi pamene tiyambe kukamba za nsapato.