Kamaginito kamodzi kanaimitsa ndege za F-35

Mu Seputembala 2022, unduna wa zachitetezo ku America unasiya kulandira ndege zankhondo zatsopano za F-35 kwa pafupifupi mwezi wathunthu. Injini inali bwinobwino, mapiko analibe vuto. Chinapezeka n'chakuti kamaginito kena ka m'pampu ya oyilo kanapangidwa ndi chitsulo chochokera ku China, zomwe malamulo a dzikolo saloleza. Ndege zomalizidwa zinangokhala ku Fort Worth, Texas, mpaka boma litapereka chilolezo chapadera mu Okutobala.

Nditamva nkhaniyi ndinamvera chisoni anzanga a ntchito yathuyi, omwe m'mafakitale amatitchula kuti planner kapena scheduler. Ndife amene timakonza kuti chipangidwe n'chiyani, liti, pa makina ati, ndi zipangizo ziti.

Timawerenga chobwerera m'mbuyo. Boma likasaina kontirakiti yoti katundu aperekedwe tsiku lakuti, ife timayambira pa tsikulo n'kumafunsa: kuti amalizidwe pamenepo, kuyesa kuyambe liti? Nanga kulumikiza? Nanga zidutswa zifike liti? Zidutswa zina zimafika pa sabata ziwiri, zina, makamaka zosula ndi chitsulo cha titanium, mumaitanitsa chaka chino n'kudzaziona chaka chamawa. Mapulogalamu a pakompyuta ngati SAP amathandiza kuwerengera, koma kompyuta sidziwa kuti makina odulira afa usiku, kapena kuti munthu yekhayo wololedwa kuwotcherera chidutswa chakuti wapita kumaliro.

N'chifukwa chake tsiku langa limayambira m'fakitale momwemo, ndisanakhale pa desiki. Pamashelefu pamakhala mabokosi, lililonse lili ndi zidutswa za ntchito imodzi, chilichonse m'kamphako kake. Mabokosi ena amadzaza kupatula kamphako kamodzi. Bokosi lotero silingatuluke, ndipo amisiri asanu angathe kukhala manja lende chifukwa cha bawuti yochepa ngati chala chamkombaphala. Pamsonkhano wam'mawa funso limakhala limodzi: ifika liti? Woyankha ndine.

Wina anganene kuti kagulenitu kwina. Pa fakitale ya mipando zimatheka. Pa zida zankhondo chidutswa chilichonse chimayenda ndi mapepala osonyeza kochokera chitsulo chake, wochipanga ndi wochiyesa, ndipo wogulitsa watsopano amayenera kuvomerezedwa kaye, zomwe zimadya miyezi. Ndale nazo zimalowerera. Mu 2019 dziko la Turkey linachotsedwa m'gulu lopanga F-35 chifukwa chogula zida zogwetsera ndege za S-400 ku Russia, pomwe makampani ake ankapanga zidutswa pafupifupi 900 za ndegeyo. Chilichonse mwa zimenezo chinafunika wochipanga watsopano, komanso tsiku latsopano pa ndondomeko ya winawake.

Nkhondo ya ku Ukraine inaonetsa mbali ina. Isanayambe mu 2022, America inkapanga zipolopolo za mizinga za 155mm pafupifupi 14,000 pamwezi. Ndalama zoonjezera zinapezeka msanga, koma ng'anjo, makina osulira ngati a ku Scranton, Pennsylvania, onga ndi amisiri sizibwera ndi cheke. Kampani ya Raytheon inachita kuitana anthu opuma ntchito kuti aphunzitse achinyamata kupanga mizinga ya Stinger.

Ntchitoyi ndi yakale ndithu. Matchati a Henry Gantt, osonyeza nthawi yoyambira ndi yomalizira ntchito iliyonse, anagwiritsidwa ntchito popanga zipolopolo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo njira yokonzera ndondomeko ya ntchito yotchedwa PERT inabadwa cha m'ma 1958 pa ntchito ya mizinga ya Polaris.

Kalowedwe kake n'kosiyanasiyana. Ena amabwera ndi digiri ya uinjiniya kapena ya kagulidwe ka katundu, ena ambiri anayambira m'sitolo ya fakitale, kuwerenga katundu. Ine ndimakhulupirira kwambiri achiwiriwa, chifukwa amadziwa kuti nambala ya pakompyuta ndi zomwe zili pashelefu sizigwirizana nthawi zonse. Satifiketi ya ntchitoyi yotchedwa CPIM yochokera ku bungwe la ASCM imalemekezedwa, ndipo Excel muidziwe mpaka kuilota. Amene anakonzapo ndondomeko pa fakitale ya shuga kapena simenti ali kale ndi luso lofunikalo.

Chipata chovuta ndi cha unzika. Ku America malamulo a ITAR, oteteza zinsinsi za zida zankhondo, amatsekera kunja pafupifupi aliyense yemwe si nzika kapena wokhala ndi green card. Ku Britain, komwe kampani ya BAE Systems imapanga mbali yakumbuyo ya F-35 ku Samlesbury, maudindo ambiri amafuna chilolezo chachitetezo cha SC, chomwe kawirikawiri chimalira kuti munthu akhale atakhala m'dzikomo zaka zisanu. Abale athu amene ali kumeneko ndipo akuisirira ntchitoyi ayambe ayang'ana mzere umenewu pa chilengezo cha ntchito asanataye usiku wonse polemba kalata.